Winema anachenjeza, akuluakulu sanamve

Akonzi,

Ndiloleni ndikambepo za mayi wina amene satchulidwa kawirikawiri tikamakamba za amayi oyanjanitsa anthu pa nkhondo. Ndi Toby Riddle, wodziwikanso kuti Winema, wa mtundu wa Amodoc a kumalire a California ndi Oregon ku America.

Pangano la 1864 linasamutsira Amodoc kumalo amene boma linawapatula pamodzi ndi Aklamath, anthu amene sankamwerana nawo madzi. Mtsogoleri wawo Kintpuash, yemwe azungu ankamutcha Captain Jack, anabwerera ndi anthu ake ku Lost River. Mu Novembala 1872 asilikali atabwera kudzawachotsa, mfuti zinalira. Amuna osapitirira 60 anabisala m'matanthwe a chiphalaphala pafupi ndi Tule Lake n'kusowetsa mtendere asilikali mazanamazana.

Winema anali m'bale wake wa Kintpuash, komanso mkazi wa mzungu, Frank Riddle. Ndiye ankakwera hatchi kupititsa mauthenga uku ndi uku, ndi kumasulira pa zokambirana. Ali kumatanthweko anatsinidwa khutu kuti nthumwi za boma zikaphedwa pa msonkhano wotsatira. Anakanena. General Edward Canby, mkulu wa asilikali a boma, sanakhulupirire kuti kagulu kochepa chotero kangayerekeze asilikali ake ali pafupi. Mbusa Eleazar Thomas, mmodzi wa nthumwizo, anati zonse zili m'manja mwa Mulungu. Alfred Meacham yekha, mtsogoleri wa nthumwizo amene ankamudziwa bwino mayiyu, ndi mnzake Leroy Dyar anatekeseka, komabe anapita.

Apa ndi pamene pamandiwawa, akonzi. Miyezi yonseyo akuluakuluwa ankadalira pakamwa pa Winema kuti amve zimene mdani akunena. Tsiku limene analankhula zakezake, zimene anamva ndi makutu ake, mawu ake anapepuka. Ndipo iye, podziwa bwino lomwe chimene chikubwera, anapitabe nawo kuhema kumene kunkachitikira msonkhanowo.

Pa 11 Epulo 1873, Lachisanu Loyera, Canby ndi Thomas anaphedwa. Meacham anawomberedwa kangapo, ndipo munthu atayamba kumusenda khungu la pamutu, Winema anakuwa kuti asilikali akubwera. Linali bodza, koma owukirawo anathawa, Meacham n'kupulumuka.

Ambiri amamutamanda pa chimenechi chokha: anapulumutsa mzungu. Ine ndikuona kuti ankafuna kupulumutsa abale ake, pakuti ankadziwa chimene boma lingachite kazembe wake akaphedwa. Zinachitikadi. Kintpuash ndi anzake atatu ananyongedwa ku Fort Klamath pa 3 Okutobala 1873, pambuyo pa mlandu umene Winema ndi mwamuna wake anamasulira. Anthu oposa 150 anawatumiza kutali, kumene lero ndi Oklahoma. Tangoganizani kumasulira mlandu wonyongetsa m'bale wako.

Boma linadzamupatsa penshoni ya madola 25 pamwezi patapita zaka pafupifupi 18. Anamwalira mu 1920, ndipo mu 1961 nkhalango ina ya boma ku Oregon anaitcha dzina lake.

Wowerenga wanu,
Zomba