Aphunzitsi a sayansi, tikumane Loweruka

Aphunzitsi a sayansi a m'boma la Mangochi,

Loweruka likudzali tikumana ku Boma, pamalo athu a nthawi zonse, 9 koloko m'mawa. Tidzakambirana momwe akatswiri amaunikira kapangidwe ka ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi) ndi ma antibody (mapuloteni oteteza thupi ku matenda).

Tidzayamba ndi David Phillips, amene mu 1965 anaonetsa maonekedwe a lysozyme pogwiritsa ntchito X-ray. Enzyme imeneyi imapezeka m'misozi ndi m'dzira, ndipo imaswa khoma la mabakiteriya. Kenako tidzaona kachipangizo koyezera malungo kaja. M'kati mwake muli ma antibody ogwira puloteni ya tizilombo ta malungo. Ana athu amakaona kawirikawiri kuchipatala, n'chifukwa chake ndikufunitsitsa tikawafotokozere bwino m'kalasi.

Mubwere ndi silabasi ya Biology, dzira limodzi laliwisi, ndi K3,000 ya nkhomaliro.

Yankhani pofika Lachinayi madzulo kuti tidziwe amene abwere.