Kalata kwa mwana wanga ku Glasgow

Mwana wanga wokondedwa,

Mawu amene unandiuza pa foni Lamulungu lapitali andisowetsa tulo. Unati amuna ako akangotuluka m'mawa kupita kuntchito, umatha tsiku lonse osalankhulapo ndi munthu wamkulu, ndipo madzulo umangotchera khutu kuti umve kiyi akulira pachitseko. Sindinakuyankhe mokwanira chifukwa mawu ankadukaduka, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere.

Nditabwera kudzakuthandiza uli m'chikuta, ndinadzionera ndekha kuti mu Disembala dzuwa kumeneko limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo aliyense amathamangira m'nyumba mwake n'kudzitsekera. Kulibe mjigo, kulibe chigayo, kumene amayi amakumana osapangana. Amuna ako anzawo anawapeza kuntchito ali chidikirire, pamene iweyo uyenera kuchita kuwafunafuna, choncho usamadzione ngati munthu wosakondeka.

Iwe usanabadwe, abambo ako anawatumiza kukagwira ntchito ku Karonga, ndipo kwa ine kunali ngati dziko lachilendo, pakuti Chinkhonde ndi Chitumbuka sindinkamvako ngakhale pang'ono. Ndinakhala miyezi itatu ndikusesa pakhomo posesedwa kale, ndikudikira kuti wina abwere kudzandilonjera. Tsiku lina ndinagula nthochi zaziwisi, ndinalimba mtima n'kupita kwa mayi woyandikana nafe kukawapempha kuti andiphunzitse kuphika mbalagha. Anandiseka ataona mmene utomoni unadetsera zala zanga, kenaka anandipaka timafuta m'manja, nandionetsa poyambira kusenda. Mayi ameneyo ndi amene anandiperekeza kuchipatala usiku umene mchimwene wako anabadwa. Ndikanapita kwawo ngati munthu wodziwa zonse, bwenzi titangopatsana moni n'kusiyana. Chimene chinatiyanjanitsa n'chakuti ndinavomera kuti ndikusowa kanthu, iwo napeza chondipatsa.

Nawenso pempha. Funsa mayi wa khomo linalo kuti amagula kuti nsapato za ana zosalowa madzi, ngakhale ukudziwa kuti foni yako ikhoza kukuuza. Komanso usankhe malo amodzi kapena awiri amene uzipitako tsiku lomwelo, nthawi yomweyo, sabata iliyonse, chifukwa nkhope imayamba yazolowereka mtima usanatseguke. M'malaibulale a ku Scotland muli misonkhano yaulere ya Bookbug, kumene makolo amaimba nyimbo ndi kuwerengera nthano ana awo aang'ono. Tenga mdzukulu wangayo uzipita naye, ndipo ngati sabata yoyamba ndi yachiwiri palibe wokulankhula, upitebe yachitatu. Kutchalitchi nakonso usamatuluke pemphero lomaliza likangotha, pakuti ine ndinaona kuti anthu akumeneko amamasuka akagwira kapu ya tiyi mapemphero atatha. Ukawauza kuti kwanu ndi ku Malawi, ambiri sasowa chonena, chifukwa mpingo wawo wa Church of Scotland ndiwo unayambitsa Blantyre Mission mu 1876, ndipo Blantyre weniweni, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ali pafupi ndi mzinda umene ukukhalawo.

Pali chinthu china chimene sunachitchule, koma ine monga mayi ako ndinachimva m'mawu ako. Ukuopa funso lakuti umagwira ntchito yanji. Kuno unali ndi ntchito yako, malipiro ako ndi anthu okupatsa ulemu, ndiye zikukuwawa kuti kumeneko ukudziwika ngati mkazi wa uje basi. Uziyankha mosazyolika kuti panopa ukulera mwana, n'kuwauzanso zimene unaphunzira ndi zimene unkachita kwanu. Mwana akasinkhukako, masitolo aja ogulitsa zovala zakale pofuna kuthandiza osowa amalandira anthu odzipereka kwa maola ochepa pa sabata, ndipo popinda malaya ndi anzako nkhani zimabwera zokha.

Ukumbukire kuti akumeneko sangofika pakhomo pa munthu n'kunena odi monga timachitira ife. Akakuuza kuti mudzamwere limodzi khofi tsiku lina, iweyo utchule tsiku ndi ola, kupanda kutero mawuwo adzathera pomwepo. Yamba ndiwe kuitana, ukazinge mandasi, uwiritse tiyi, osadandaula kuti nyumba ndi yaing'ono.

Amalawi anzako uwafunefune ndithu, makamaka akamasonkhana pokumbukira ufulu wa pa 6 Julayi, pakuti kuseka m'chinenero chako kumatsitsimula mtima. Koma anthu akakhala ochepa nkhani imayenda msanga, choncho za m'banja mwako usazikhuthule kwa munthu amene wangomudziwa dzulo. Ndiponso magulu a pa WhatsApp a kuno kumudzi asakudyere tsiku lonse, ngakhale ine ndemwe ndimakondwa ukandiimbira. Apongozi angawo uwauze mwaulemu koma mosabisa kuti madzulo amodzi pa sabata azitsala ndi mwana, iwe utuluke. Munthu mmodzi, ngakhale akukonde chotani, sangakhale mwamuna wako, mchemwali wako ndi mnzako wa pamtondo nthawi imodzi.

Ndidzakuimbira Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndipo ndidzafuna kumva kuti ku laibulale kuja unakhala pafupi ndi ndani. Abambo ako akupereka moni, ndipo ufa woyera ndi chinkhupule cha chambiko chimene unapempha tidzapatsira aliyense wodalirika amene anyamuke posachedwa.

Ndine mayi ako.