Malilime si ophunzitsana ngati nyimbo ya kwaya

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu ndinenepo za malilime, nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira mwezi wathawu. Ndiyambe ndanena kuti ine mwini ndimapemphera m'malilime, ndinayamba ndili mtsikana ndipo mpaka pano ndikakhala ndekha kuchipinda, mawu anga akandithera, ndimapemphera choncho ndipo mtima umatsika. Ndiye wina asanditenge ngati mdani wa mphatsoyi ayi.

Chomwe chandiwawa ndi ichi. Ndinapita ndi mng'ono wanga ku mapemphero a usiku wonse, cha m'ma 2 koloko mtumiki anaitana onse amene sanalankhulepo malilime kuti apite kutsogolo, mng'ono wangayo nayenso anapita ndi mtima wonse. Awiri anamugwira pamutu, wina akumukuwira kukhutu kuti tsegula pakamwa, usaganize, ingobwereza zomwe ndikunenazi, nena aleluya mothamanga mpaka lilime lipotoke lokha. Mwanayo thukuta lili kamukamu, milomo ikunjenjemera, koma palibe chinatuluka. Pamapeto anamuuza pagulu kuti pali tchimo lomwe akubisa, ndi lomwe likutsekereza Mzimu. Pobwerera sanayankhule njira yonse, kutacha ndi pomwe anandifunsa misozi ili m'maso kuti, "Achemwali, ndiye kuti Mulungu anandikana eti?"

Abusa ndi atumiki, zimenezi mwazitenga pati? Pa Machitidwe 2 palibe amene anauzidwa kuti bwereza pambuyo panga, Mzimu ndi amene ankawapatsa zolankhula, ndipo Aparti, Amedi, Aelami ndi ena onse aja aliyense anamva chilankhulo cha kwawo, tsiku lomwelo anthu pafupifupi 3,000 anabatizidwa. Kunyumba kwa Korneliyo pa Machitidwe 10 Petro anali asanamalize n'komwe kulalikira, zinangochitika, popanda wokankha munthu pachipumi. Ndipo Paulo pa 1 Akorinto 12 akufunsa ngati onse ali atumwi, ngati onse ali aneneri, ngati onse amalankhula malilime. Aliyense wowerenga bwino akuona kuti yankho lake ndi ayi, chifukwa mutu wonsewo ukunena za thupi limodzi la ziwalo zosiyana, diso si khutu, dzanja si phazi.

Chiphunzitso choti malilime ndiwo chizindikiro choyamba choti munthu wabatizidwa mu Mzimu Woyera chinafala kuchokera ku sukulu ya Baibulo ya Charles Parham ku Topeka, Kansas, komwe mayi wina Agnes Ozman analankhula malilime kumayambiriro kwa 1901. Kenako chinabuka chitsitsimutso cha Azusa Street ku Los Angeles mu 1906 motsogozedwa ndi William Seymour, mwana wa makolo omwe anali akapolo, ndipo moto umenewo ndi womwe unafalikira dziko lonse mpaka unalowa ngakhale mwa Akatolika mu 1967. Ine ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo, zoona. Koma ambiri sadziwa kuti Seymour yemweyo anayamba kulalikira za malilime iye mwini asanalandire, anadikira mpaka mu Epulo 1906. Ndiye tinene kuti miyezi yonse ija ankabisa tchimo? Nanga Akhristu ambirimbiri a zaka mazanamazana m'mbuyomo, ena anaphedwa chifukwa chokana kusiya Yesu koma sanalankhulepo malilime, tiziti analibe Mzimu?

Munthu ukamupanikiza chonchi amangochita chimodzi mwa ziwiri, kaya anamizire kuti asachite manyazi, kaya abwerere kunyumba atasweka mtima ngati mng'ono wangayu. Ndipo onamizira alipo, tisabisane, mnzanga wina anandiululira kuti anangotola timawu titatu kwa munthu amene anaima naye pafupi n'kumatibwereza kuti amusiye apume, mpaka lero chikumbumtima chimamuvuta akamapemphera.

China n'cha maikolofoni. Munthu agwira maiki mphindi makumi awiri akulankhula malilime, masipika ali pamwamba, womasulira palibe, mpingo wonse ungoti amen osadziwa kuti ukuvomera chiyani. Paulo anali wolankhula malilime kuposa Akorinto onse, ananena yekha pa 1 Akorinto 14, koma anati mumpingo bola mawu asanu omveka kusiyana ndi mawu 10,000 m'malilime. Anaikanso malire, awiri kapena akachuluka atatu, mosinthana, wina amasulire, ndipo ngati womasulira palibe munthuyo akhale chete mumpingo azilankhula ndi Mulungu payekha. Anachenjezanso kuti mlendo akalowa n'kupeza onse akulankhula malilime adzati mwapenga. Mavesi amenewa bwanji sitimawawerenga paguwa?

Kwa inunso amene mumaseka ndi kunena kuti malilime onse ndi ziwanda kapena kuti anatha ndi atumwi, mutu womwewo vesi 39 ukuti musaletse kulankhula malilime. Ine ndikudziwa zomwe pemphero limeneli landichitira pa nthawi ya maliro ndi matenda pomwe ndinalibe mawu, sindingalole wina alinyoze.

Pempho langa kwa abusa ndi loti mupempherere amene akufuna mphatsoyi modekha, akapanda kulandira muwauze zoona kuti Mulungu sanawataye, muwathandize kuona mphatso zina zomwe ali nazo. Mng'ono wangayu ndi amene amayendera odwala ndi kuwachapira, ndi amene amakhala ndi ana a Sande sukulu ena onse atathawa, koma kuyambira usiku umene uja sanapondenso kutchalitchi, ndipo palibe ngakhale mmodzi mwa atumiki aja amene wabwera kudzamuona.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wokhudzidwa