Dizilo wa ndere: tifunse kaye mtengo wake

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene imamveka kawirikawiri mafuta a galimoto akasowa, yakuti dizilo angathe kupangidwa kuchokera ku ndere, tizomera tosaoneka ndi maso timene timabiriwiritsa madzi a m'madamu a nsomba. Nkhaniyi ndi yoona, koma ambiri oifotokoza amathamangira zokoma zake n'kudumpha pamene pagona vuto.

Mitundu ina ya ndere, monga Chlorella ndi Nannochloropsis, imasunga mafuta ambiri, makamaka ikamanidwa nayitrojeni. Mafutawo ayenera kusakanizidwa ndi methanol, mtundu wa sipiriti wapoizoni, kuti asanduke dizilo, ndipo pansi pa thanki pamatsalira madzi onanda otchedwa glycerol. Njira yakale imadalira kositiki soda, koma mafuta a ndere nthawi zambiri amakhala ndi asidi wochuluka, ndipo aliyense amene anaonapo amayi akuphika sopo akudziwa zimene soda amachita ndi mafuta otere: m'thanki mumatuluka phala la sopo, dizilo n'kuvuta kumulekanitsa. Apa ndi pamene enzaimu yotchedwa lipase, puloteni yochokera ku zamoyo imene imafulumizitsa kusintha kwa mafuta, imapambana, chifukwa imasandutsa ndi asidi yemweyo kukhala dizilo popanda sopo, ndiponso imagwira ntchito pa kutentha kochepa, pafupifupi madigiri 40. Vuto lake ndi lakuti ndi yodula kwambiri, n'chifukwa chake opanga amaimatiza pa timikanda tating'ono, monga Novozym 435 ya kampani ya ku Denmark, kuti azitha kuisefa ndi kuigwiritsanso ntchito. Methanol akathiridwa wambiri nthawi imodzi amaiwononga, choncho amathiridwa pang'onopang'ono.

Komabe chimene chagwetsa ambiri si enzaimu, ndi madzi. M'damu losavindikira, ndowa ya malita 20 ya madzi obiriwira bii kawirikawiri imapereka ndere youma yosafika magalamu 20, ndipo mafuta ndi gawo chabe la kanyenyeswa kameneko. Kusefa, kuumitsa ndi kuswa khungu lolimba la tizomerati kumadya magetsi ochuluka, amenenso kuno ndi a njomba. Boma la America linafufuza nkhaniyi kuyambira 1978 mpaka 1996, linasonkhanitsa mitundu ya ndere pafupifupi 3,000, kenako linatseka ntchitoyo poona kuti dizilo wa m'migodi ndi wotsika mtengo. Kampani ya mafuta ya ExxonMobil inalowamo mu 2009 ndi lonjezo la madola 600 miliyoni, koma pofika 2023 inali itatulukamo. Ifenso tikukumbukira alimi amene analimbikitsidwa kubzala jatrofa wopangira dizilo, msika n'kuzilala mitengo ili m'munda.

Sindikunena kuti tipinde manja. Lipase imagwiranso ntchito ndi ethanol, amene saiwononga msanga ngati methanol, ndipo dziko lino lakhala likutcheza ethanol kuchokera ku manyuchi a nzimbe ku Dwangwa kuyambira 1982, pamene methanol tingachite kuitanitsa kunja ndi ndalama zimene tikusowa kale. Pempho langa kwa akatswiri a ku sukulu za ukachenjede za MUST ndi LUANAR ndi lakuti ayambe ayesa enzaimuyi pa mafuta otsala okazingira tchipisi, amenenso amakhala ndi asidi wambiri, aone kuti timikanda tija tingagwire ntchito kangati, ndipo atiuze poyera kuti lita imodzi ikutuluka pa makwacha angati, wina asanakumbe damu la ndere ndi ndalama za msonkho.

Mphunzitsi wa sayansi,
Zomba