Njinga yako ija isanapite kwa makaniko, yamba wawerenga izi

Aise,

Voisi noti yako ndaimva usiku koma netiweki imadukaduka, ndiye ndati bola ndikulembere zonse uziwerenga uli pambali pa njingayo sipanala ili m'manja. Kuno tili bwino, amayi ako ndinakumana nawo kumsika ali bwinobwino, akungoti uziimbako pafupipafupi.

Zandikhudza kumva kuti madelivale waima chifukwa njinga yakana kulira chitsukireni kabuleta, ndikudziwa kuti ku Joni tsiku limodzi osagwira ntchito lendi siidikira. Koma amene wakuuza kuti injini yatha kapena ugule kabuleta yatsopanoyo usamumvere kaye, ma rand ako asunge. Njinga imalira, iwe n'kumasula kabuleta, n'kubwezera, basi yakana, injini siingafe ili chiimire pakhonde. Vuto lili momwe mwadutsa manja akomo ndipo tilipeza. Pachithunzi unatumiza paja ndaona kuti kabuleta yakoyo ndi ya mtundu wa PZ27, yomweyomweyi timakumana nayo tsiku ndi tsiku pa njinga zakabaza kuno, zija injini yake anatengera Honda CG, ndiye ndikukuuza zinthu zoti ndimazigwira ndi manja.

Yamba ndi mafuta. Kampopi kapansi pa thanki kakhale pa ON, ngati petulo ndi wochepa kaike pa RES (mafuta otsalira a rizevu), uonenso ngati paipi siinapindike pobwezera. Kabuleta ikangotsukidwa kakapu kapansi kamakhala kouma, kamafuna kamphindi kuti kadzaze, anthu ambiri amayamba kumenya kiki pompopompo. Pansi penipeni pa kakapuko pali kasikuluwu kokhetsera mafuta, kamasule pang'ono. Petulo akatuluka ndiye kuti akufika. Akapanda kutuluka ndiye nidulo ya fuloti, ija imatsegula ndi kutseka njira ya mafuta olowa m'kakapumo, yakakamira, gogoda kakapuko pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, nthawi zambiri imamasuka. Koma ukaona mafuta akungotayikira pa kapaipi kapansi osasiya, nidulo ija sinakhale pamalo pake kapena unapinda kachitsulo ka fuloti kamene kamaikankha, pamenepo palibe kuchitira mwina tsegulanso.

Kenako chotsa pulagi uyiyang'ane, pulagi siinama. Ikakhala yonyowa ikununkha petulo ndiye kuti injini yamwa mafuta ambiri, mwina chifukwa cha kiki yomwe wakhala ukumenya choko, kachitseko kochepetsa mpweya wolowa mu kabuleta, chili chotseka. Tseka kampopi, pukuta pulagi iume, menya kiki kangapo pulagi ili kunja kuti silinda ipume, ubwezere, uyese uli chitsegulire thirotulo yonse. Ikakhala youma gwa pambuyo pa kiki yonse ija, mafuta sakulowa mu injini. Udakali pomwepo onanso moto, vala pulagi mu kapu yake, uigunditse pa chitsulo cha injini n'kumenya kiki, uone kamoto kabuluu kakuthetheka. Chonde uchite zimenezi kutali ndi bowo la pulagi komanso pamene patayikira petulo, ndaonapo munthu akupsa dzanja. Mpata wa pulagi ukhale 0.6 mpaka 0.7 mm. Ndipo kaswitchi kofiira kozimitsira injini ka pa handulo kaja kaone, pogwiragwira njinga kamadinika munthu osadziwa.

Moto ukakhalapo, dontheza petulo pang'ono chabe m'bowo la pulagi, madontho ochepa osati kuthira, bwezera pulagi umenye kiki. Ikalira kamphindi n'kuzima, sangalala aise, injini ili moyo, koilo ndi CDI, zija zimapereka moto ku pulagi, zili bwino, nkhani yonse ili mu kabuleta.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna umvetsetse chifukwa ine ndikukaikira kwambiri pamenepa. Mkati muja muli majeti awiri, lalikulu lili pakati ndi laling'ono lowonda lili pambali pake, lomwe timati pailoti jeti kapena silo jeti. Lalikulu limagwira ntchito ukamathamanga, koma poliza njinga ndi pa aidulo, injini ikamalira yokha osapotokola thirotulo, mafuta amadutsa mu laling'onolo. Anthu ambiri akamati ndatsuka kabuleta amakhala atsuka kakapu, apukuta kunja kwawala, aphulira jeti lalikulu chifukwa bowo lake limaoneka, laling'onolo osalimasula n'komwe popeza limabisala mkati mwa kadzenje. Choipa china n'chakuti potsukapo zinyalala zomwe zinangokhala phee pansi zimatakasika n'kukatseka kabowo komweko, ndiye njinga yomwe imalira movutikira imasiyiratu. Limasule ndi sikuludiraiva yowonda yokwana bwino, ndi la mkuwa limaphwanyika mutu msanga, ulilozetse kudzuwa usuzumire. Ukuyenera kuona kakuwala kozungulira bwinobwino, ukaona mdima kapena kuwala kwa theka ndiye latseka. Usalowetsemo singano kapena waya wolimba, ukulitsa bowo ndipo njinga izidzamwa mafuta ngati chidakwa mpaka utagula jeti lina. Tenga kachingwe kamodzi ka kopa kochoka mu waya wamagetsi wofewa uja, kadutsitse mofatsa, upopere sipureyi yotsukira kabuleta, uonenso timabowo tam'mbali mwake. Usaiwale njira yomwe jetilo limakhalamo, popera sipureyi mmenemo uone ngati ikutulukira pa kabowo kakang'ono kukhosi kwa kabuleta mbali ya injini. Maso uwateteze, sipureyi imeneyo imabwerera kumaso, komanso isakhudze ma raba chifukwa amafufuma.

Pobwezera uonetsetse silaidi, kachitsulo kozungulira kokokedwa ndi kebulo kaja. Kali ndi mzere wautali mbali imodzi womwe umalowa pa kamsomali kali mkati, ndipo mbali yodulidwa mopendama imayang'ana ku eya kilina. Kakalowa mokhota kamakakamira m'mwamba, ndiye njinga siilira, kapena ikalira imangokuwa yokha zomwe ndi zoopsa. Ukapotokola thirotulo n'kuisiya uzimva kakugunda pansi kuti tapu. Kakilipi ka nidulo yayitali ya pa silaidi kabwezere pa mzere womwe unakapeza, ngati waiwala kaike pakati.

Sikuluwu ya mikisicha, ija yochunira kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya, ngati unaimasula, imakhala ndi kasipuling'i, kawashala ndi ka raba kakang'ono kwambiri, timeneti timagwa pansi osamveka. Imange mofatsa mpaka ingogunda, osalimbitsa chifukwa nsonga yake imathyokera mkati, kenako uibweze kamodzi ndi theka kapena kawiri, pamenepo njinga iyenera kulira, zokonza bwinobwino uchite injini itatentha. Sikuluwu ya aidulo uilowetseko pang'ono kuti silaidi ikwere.

Pakati pa kabuleta ndi injini pali raba yozungulira ndi gasiketi. Ikatsala pansi kapena manati ukamanga mbali imodzi kwambiri, mpweya umalowera pamenepo ndipo injini siikoka mafuta. Onanso manifodi, kapaipi kolumikiza kabuleta ku injini, ngati sinang'ambike. Komanso ngati unatseka bowo ndi kansanza potsuka kuti musalowe fumbi, onetsetsa kuti unakachotsa, zimachitika ndithu.

Za choko usangokhulupirira kachitsulo kakunja, chotsa paipi ya eya kilina usuzumire uone ngati kachitseko kamkati kakutseka ndi kutseguka. Panopa kumeneko ndi June, ndipo Johannesburg ili pamwamba kuposa Lilongwe, mamita opitirira 1,700 pomwe ife tili cha m'ma 1,000, m'mawa kumazizira zoti njinga yopanda choko siingadzuke. Koma mpweya wa kumeneko ndi wopepukirapo, ndiye ikangolira usachedwe kutsegula choko, pulagi ingade msanga.

China chomwe ndimawauza anyamata akabaza kuno, kutsuka kabuleta thanki ili yakuda n'kutaya nthawi. Ife kuno petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amakoka chinyontho njinga ikakhalitsa osayenda, kuphatikiza mafuta a m'zigubu omwe timagula pa filing'i siteshoni pakauma, ndiye dzimbiri ndi madzi m'thanki sizisowa. Yakoyo unaigula kwa munthu, sukudziwa inaima nthawi yaitali bwanji. Khetsera petulo pang'ono m'botolo loyera uliike pansi, madzi amakhala pansi paokha, dzimbiri limaoneka lofiirira. Ukazipeza tsuka thanki, ugule kafyuluta kakang'ono koika pa paipi, n'kotchipa.

Ukayesa zonsezi ikakanabe, ndijambulire kavidiyo pa WhatsApp ukumenya kiki foni ili pafupi ndi injini ndimve kalilidwe kake, unditumizirenso chithunzi cha pulagi ndi cha jeti laling'onolo utalilozetsa kudzuwa. Ndikhala ndili pa intaneti madzulo ndikaweruka. Uwapatse moni alamu ndi anyamata onse akwathu kumeneko, ndipo chipewa uzivala aise, misewu ya kumeneko magalimoto amathamanga.

Ndine mnzako,
wa ku galaja kuja