Amene ali pa chilango tiziwapempherera

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za mmene ife Akhristu ochokera ku Malawi tikuchitira ndi abale amene achimwa m'mipingo yathu kuno ku Harare, makamaka ku Mbare, Highfield ndi Mufakose.

Munthu akaikidwa pa chilango chifukwa cha chigololo kapena uchidakwa, dzina lake limamveka m'makomo monse, koma m'mapemphero a m'milaga silitchulidwa n'komwe. Sindikutsutsa chilango, pakuti mpingo wopanda mwambo sungaime, koma ndikufunsa kuti ndani amamuimira munthuyo pamaso pa Mulungu m'miyezi imene sakuloledwa kuyandikira mgonero.

Malemba amationetsa njira ina. Pa Genesis 18, Abrahamu anapembedzera Sodomu, kuyambira pa olungama 50 mpaka kutsika pa 10, ngakhale kuti ankadziwa mbiri yoipa ya mzindawo. Pa Eksodo 32, Aisraeli atapembedza fano la mwana wa ng'ombe, Mose anafika popempha kuti Mulungu akapanda kuwakhululukira, afafanize dzina lake m'buku. Stefano anapempherera amene ankamuponya miyala, monga Yesu anachitira pa mtanda. Onsewa sanadikire kuti ochimwawo ayambe alapa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti chilango chimagwera kawirikawiri atsikana oyembekezera, chifukwa mimba sibisika, pamene mwamuna wake akuimbabe m'kwaya.

Ndikupempha abusa ndi akulu a mpingo kuti aziwayendera anthu otere kunyumba, azipemphera nawo, ndipo tsiku lowabwezera lizilengezedwa poyera monga linalengezedwera tsiku lowaimitsa.

Ine wanu,
Mkhristu wodandaula,
Mufakose, Harare