Ufulu wa amayi sungakule potsekana pakamwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mkangano wa ufulu wolankhula umene wavuta m'mayunivesite a kuno ku Britain. Achinyamata athu amene akubwera kudzaphunzira akuupeza uli pamoto, ndipo ambiri akungosankha kukhala chete poopa kuponda pamoto pomwepo.

Mayi Kathleen Stock ankaphunzitsa filosofi pa University of Sussex, kufupi ndi Brighton. Maganizo awo ndi akuti kubadwa mwamuna kapena mkazi sikusinthika, choncho malo monga ndende za amayi ndi nyumba zothawirako amayi ochitidwa nkhanza azikhala a anthu obadwa akazi. Omenyera ufulu wa amayi ena amatsutsa zimenezi mwamphamvu. Iwo amati munthu wobadwa mwamuna koma wodzimva kuti ndi mkazi alandiridwe ngati mkazi. Mpaka apa palibe cholakwika, yunivesite anaikhazikitsira mikangano yotereyi. Koma mu October 2021 ophunzira anamata mapepala m'njira yolowera pasukulupo ofuna kuti mayiwa achotsedwe ntchito, ena anachita zionetsero ataphimba nkhope. Mwezi usanathe, Mayi Stock anatula pansi udindo.

Yondiwawa kwambiri ndi ya Mayi Selina Todd, katswiri wa mbiri yakale ku Oxford. Mu February 2020 kunali mwambo wokumbukira kuti patha zaka 50 chichitikireni msonkhano woyamba wa gulu lomenyera ufulu wa amayi kuno ku Britain, umene unachitikira ku Ruskin College, ku Oxford komweko, mu 1970. Mayi Todd anaitanidwa kuti akalankhule, koma kutatsala tsiku limodzi anauzidwa kuti asalankhulenso, poti ena anaopseza kuti akawalola iwo sabwera. Tangoganizani, mwambo wokondwerera tsiku limene amayi anakana kukhala chete, n'kuthera pomutseka mayi mnzawo pakamwa.

Sindikunena kuti amayi awiriwa akulondola pa zonse. Ophunzira amene asintha chibadwa chawo amanyozedwa ndithu, ena amamenyedwa, ndipo sukulu iyenera kuwateteza ngati mwana wina aliyense. Komanso ufulu wolankhula zakukhosi si chilolezo chotukwana. Mphunzitsi wonena zolaula kwa mtsikana m'kalasi, kapena womuopseza kuti akamukana alephera mayeso, alangidwe, asabisale kumbuyo kwa ufuluwu. Koma munthu amene wabwera ndi mfundo, n'kuyimirira pagulu kuti afunsidwe mafunso, ameneyo timuyankhe ndi mfundo. Akuluakulu anati kutsutsa galu n'kukumba. Ngati Mayi Stock akulakwitsa, lembani, aitaneni pamtsutso, onetsani umboni. Kuwathamangitsa sikunayankhe ngakhale limodzi mwa mafunso awo.

Ife Amalawi tisamaione nkhaniyi ngati ya azungu okha. Mu February 2011 Dr Blessings Chinsinga a ku Chancellor College anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, chifukwa cha zimene anaphunzitsa m'kalasi, poyerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Amene anatsogolera aphunzitsi pokana zimenezi anali Dr Jessie Kabwila, mayi wodziwika pomenyera ufulu wa amayi. Anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzawo atatu, a Chinsinga omwe, ndipo anabwezeretsedwa mu October chaka chomwecho, maphunziro atasokonekera miyezi yambiri. Kwathu ufulu wa amayi ndi ufulu wa mphunzitsi zinayendera limodzi. Ndipo amayi a msinkhu wanga akukumbukira kuti mpaka 1993 lamulo silinkatilola kuvala thalauza. Nthawi imeneyo amene ankasankha mawu oyenera kumveka sanali kumbali yathu. Mphamvu yoletsa ena kulankhula ukaipereka kwa akuluakulu a sukulu lero, mawa idzagwera iwe wemwe.

Boma la kuno linakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wolankhula m'mayunivesite mu 2023, ndipo mu March 2025 bungwe loyang'anira mayunivesite la Office for Students linalamula Sussex kulipira chindapusa cha mapaundi 585,000 ponena kuti inalephera kuteteza ufulu wolankhula. Yunivesiteyo inakana chigamulochi n'kukamang'ala kukhoti. Ine chindapusa sindichikhulupirira kwenikweni. Sukulu yoopa boma ndi sukulu yoopa gulu la ophunzira okwiya, zonse zikuyendetsedwa ndi mantha, ndipo mphunzitsi wamantha amadumpha mitu yovuta n'kuphunzitsa zozizira.

Pempho langa likupita kwa mabungwe a ophunzira, a kuno ndi a ku Zomba, Mzuzu ndi Lilongwe omwe. Mlendo amene simukugwirizana naye akaitanidwa, musakakamize kuti amuletse. Pemphani kuti papulatifomu pakhalenso wina womutsutsa, ndi kuti nthawi ya mafunso ikhale yokwanira, kenako mudzadze holoyo.

Mayi wokhudzidwa,
Brighton